Lasix akukapa madzi, koma bwato likadali lobooka: yankho kwa CO wa ku Mangochi

Funso lomwe ndalandira likuti: "Adokotala, ndine clinical officer (CO) pa chipatala china chaching'ono kuno ku Mangochi. Odwala a heart failure (kulephera kwa mtima kupopa magazi mokwanira) ndimawaona pafupifupi sabata iliyonse, ndikawapatsa Lasix (mankhwala okodzetsa) kutupa kumaphwa, koma pakatha mwezi umodzi kapena iwiri abweranso atatupa kuposa poyamba. Ma guidelines akuti mankhwala anayi, echo (kujambula mtima), kuyeza magazi pafupipafupi, pomwe ife tili ndi Lasix ndi enalapril basi, nthawi zina enalapril yemweyonso kulibe. Kodi ma guidelines amenewa analembera ife kapena a ku Ulaya? Nanga ndingatani kuti ine ndi anzanga tiziwatsatira?"

Achemwali, funso lanuli landikhudza chifukwa nanenso ndagwirapo ntchito m'boma lomwelo zaka zingapo ndipo odwala mukunenawo ndikuwadziwa, nkhope zawo ndikuziona. Ndiyambe ndi bambo mmodzi, msodzi wa zaka za m'ma 50, amene anabwera naye pa kabaza m'mawa wina atamugwirizira mwana wake kumbuyo. Miyendo inali itatupa mpaka m'ntchafu, ukadina pa msongolo chala chimasiya dzenje, buluku osamangika, ndipo anati kwa masabata awiri amagona chokhala atatsamira khoma chifukwa akangogona chagada amabanika ngati akumira. Nditatsegula buku lake la kuchipatala ndinapeza tsamba loyamba la vutoli linalembedwa chaka ndi miyezi ingapo m'mbuyomo: CCF (chidule cha heart failure yomweyi), frusemide (Lasix yemweyu) 40 mg, enalapril 2.5 mg. Masamba otsatira onse anali "refill", "refill", "CT" (kutanthauza kuti apitirize mankhwala omwewo), malembedwe a anthu osiyanasiyana mwina asanu ndi awiri, BP imalembedwa bwinobwino ulendo uliwonse, 150/95, 160/100, koma dozi ya enalapril inali pomwe inayambira paja. Ndipo limodzi mwa malembedwewo linali langa. Ndinamuonapo tsiku lina ku OPD mzere utafika panja, ndinaona kuti sakudandaula, ndinalemba CT n'kuitana wotsatira.

Ndiye mukandifunsa kuti chimatilepheretsa kutsatira ma guidelines n'chiyani, ine ndimaloza buku limene lija. Tonse asanu ndi awiri tinkadziwa kuti 2.5 mg ndi dozi yoyambira chabe. Panalibe amene anali mbuli. Chomwe chinasowa ndi choti palibe analemba kuti ulendo wotsatira pachitike chakuti, ndiye aliyense ankaona kuti kukweza dozi ndi ntchito ya amene anayambitsa kapena ya amene adzamuone mawa. Kusowa kwa mankhwala ndi vuto lenileni, sindikukana ndipo ndifikapo, koma ngakhale mwezi umene famase yadzaza odwala athu ambiri amakhalabe pa dozi yoyambira.

Za Lasix mundimvetse bwino, ndi mankhwala abwino ndipo munthu wobanika usiku ndi amene amamupulumutsa. Koma ganizirani bwato lobooka pakati pa nyanja. Lasix ndi kukapa madzi. Mukakapa bwato limapepuka, munthu amapuma, miyendo imaphwa, achibale amakuthokozani, koma pobooka paja pali pomwepo. Mtima ukafooka impso zimaona ngati magazi achepa m'thupi, ndiye zimatulutsa renin, angiotensin ndi aldosterone zimakwera, thupi limasunga mchere ndi madzi, mitsempha imafinyika, adrenaline nayenso amakwapula mtima wotopa kale uja kuti uzithamanga, ndipo m'kupita kwa miyezi mtima umakula n'kumafookerafookera. Anthu kumudzi akamati "anandiuza kuti mtima wakula" akunena zimenezi. Enalapril, beta blocker (mankhwala ochepetsa liwiro la mtima) ndi spironolactone ntchito yawo ndi kudula mkombero umenewu, ndiye kumata pobooka paja. Vuto lake ndi loti wodwala samva kusintha tsiku lomwelo ngati mmene amamvera ndi Lasix, ndiye iye sawafunsa, ifenso sitiwakumbukira.

Umboni wake ndi wakale ndithu, si za dzulo. Enalapril anaonetsa kuti amachepetsa imfa mu kafukufuku wa CONSENSUS mu 1987 ndi SOLVD mu 1991. Mu 1999 kafukufuku wa RALES anapeza kuti spironolactone wa dozi yochepa, 25 mg yemweyu, anachepetsa imfa ndi 30 peresenti mwa odwala kwambiri. Chaka chomwecho ma beta blocker, bisoprolol ndi metoprolol succinate, kenako carvedilol mu 2001, onse anachepetsa imfa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Achinayi aja, ma SGLT2 inhibitor ngati dapagliflozin ndi empagliflozin amene poyamba anali a shuga, ndi amene ali atsopano, kafukufuku wa DAPA-HF anatuluka mu 2019 n'kuonetsa kuti amathandiza ngakhale munthu alibe shuga, ndiye chifukwa chake ma guidelines a ku Ulaya a bungwe la madokotala a mtima la ESC a 2021 ndi a ku America a 2022 akunena za mankhwala anayi. Koma onani, atatu mwa anayiwo ndi mapiritsi akale otchipa. Wodwala amene ali pa atatuwo pa dozi yoyenera ali patali kwambiri kuposa amene ali pa Lasix yekha, ndiye musamadzione ngati mwalephera chifukwa dapagliflozin mulibe. Amene angakwanitse kugula ku famase ya pulaiveti, 10 mg kamodzi patsiku, muuzeni, koma osamuuza kuti agulitse ukonde chifukwa cha piritsi limeneli pomwe enalapril wake akadali pa 2.5.

Tsopano pa funso lanu loti analembera ife kapena a ku Ulaya, pali mbali imene mukunena zoona ndipo ndi yofunika kuposa mmene mukuganizira. Mankhwala anayi aja ndi a mtundu umodzi wa heart failure, umene mtima wafooka popopa, ejection fraction (EF, gawo la magazi limene mtima umatulutsa ukagunda kamodzi) 40 peresenti kapena kutsika. Ku Ulaya odwala ambiri ndi okalamba amene mitsempha ya mtima inatsekeka. Kuno si choncho. Kafukufuku wa THESUS-HF amene anatuluka mu 2012, motsogozedwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo, anaona odwala 1,006 m'maiko 9 a mu Africa muno, zaka zawo pakatikati zinali 52 zokha, choyambitsa chachikulu chinali BP, kenako matenda a minofu ya mtima ndi rheumatic heart disease (kuwonongeka kwa mavalavu a mtima kotsatira zilonda zapakhosi), pomwe kutsekeka kwa mitsempha kunali kochepa, ndipo pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse anali atamwalira pomatha miyezi 6. Kwathu kuno kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Ndiye mawu akuti CCF amene timalemba m'mabuku aja ali ngati kulemba "kutentha thupi", sanena chomwe chayambitsa.

Apa ndi pomwe ndimachedwapo ndikamaphunzitsa. Mtsikana wa zaka 17 wobanika, mtima ukugunda mothamanga komanso mosalongosoka, ukamvetsera pali phokoso, ameneyo mwina ndi mitral stenosis, kupanikizika kwa valavu ya mtima yotchedwa mitral, yochokera ku zilonda zapakhosi za ali mwana, ndipo chomwe akufuna ndi kuchepetsa liwiro la mtima, Lasix, jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi osadumphitsa, kuganizira warfarin woletsa magazi kuundana ngati pali atrial fibrillation (kugunda kosalongosoka kuja), kukambirana za kulera, ndi kumutumiza akaonedwe ngati valavu ingakonzedwe. Kumukwezera enalapril sikutsegula valavu yopanikizika. Bambo wa ma ARV wowonda, wotuluka thukuta usiku, mitsempha ya m'khosi itatupa, mtima ukumveka patali, X-ray ikuonetsa mtima waukulu ngati mtsuko, ganizani TB ya kathumba kokuta mtima, ndipo ameneyo mukamuthira Lasix wambiri BP ikhoza kugwa chifukwa mtima wapanikizika ndi madzi ozungulira, akufunika mankhwala a TB mwinanso kupopa madziwo. Mayi amene wabereka miyezi iwiri yapitayo akubanika, miyendo yatupa, ndaonapo oterewa akupatsidwa amoxicillin kawiri katatu kuti ndi chibayo, ena salbutamol kuti ndi mphumu, pomwe ndi peripartum cardiomyopathy, kufooka kwa mtima kobwera nthawi yobereka, ndipo iyeyu ndi amene mankhwala aja amamuthandiza kwambiri, ena mtima umabwerera mwakale. Ndiye kuno kunyanja musaiwale likodzo: mimba yodzaza madzi, kapamba wamkulu, koma mitsempha ya m'khosi ili phee, ameneyo vuto likhoza kukhala kuchiwindi osati kumtima. Ndipo aliyense wobanika yang'anani m'maso ndi m'manja, yezani Hb, magazi akachepa kwambiri mtima wabwinobwino umalephera.

Chifukwa chake echo imodzi yokha pa moyo wa wodwala ndi yamtengo wapatali kuposa maulendo khumi a refill. Sikufunika echo ya mphindi 40 ya katswiri. Mafunso ndi ochepa: mtima ukufinya bwino kapena ayi, valavu ya mitral ikutseguka, pali madzi mozungulira, mbali ya kumanja yakula. Ku Neno, pansi pa pulogalamu ya PEN-Plus, yochiza matenda aakulu osapatsirana m'zipatala za m'maboma, imene unduna ukuchita mothandizana ndi Abwenzi Pa Za Umoyo, ma clinical officer ngati inu ndi amene anaphunzitsidwa kuyankha mafunso amenewa ndi kamakina kam'manja, ndipo mu 2022 maiko a mu Africa pansi pa WHO anavomereza njira ya PEN-Plus pa msonkhano wa ku Lomé. Ndiye si maloto. Pakali pano, wodwala watsopano aliyense mutumizeni kamodzi ku boma kapena ku Zomba Central kapena ku Queens akajambulidwe, ndipo pa kalata lembani funso lenileni, "EF ndi mavalavu chonde", komanso mupemphe kuti yankho alilembe mkati mwa chikuto cha buku ndi zilembo zikuluzikulu, osati pa kapepala kapadera kamene kadzakulungidwe mtedza. Ndikudziwa munthu wa ku Makanjira kuti afike pa boma ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 ndipo nthawi ya dzinja ndi nkhani ina, ndiye musadikire echo kuti muyambe kuchiza. Munthu wamkulu wa BP yokwera, mtima waukulu, wopanda phokoso la valavu, wosakhala woyembekezera, yambani enalapril ndi Lasix lero, echo idzapeza ali m'njira.

Za madozi MSTG yathu (Malawi Standard Treatment Guidelines) ilipo, ya 2015 ija ndi yatsopano ya 2023, muitsitse pa foni. Koma ndikuuzeni mmene ndimachitira pamaso pa wodwala. Enalapril ndimayamba 2.5 mg kawiri patsiku, n'kumawirikiza pakatha masabata awiri aliwonse kulinga ku 10 mpaka 20 mg kawiri patsiku. Chimene chimatiopsa ambiri ndi nambala ya BP. Munthu ali pa 100/65, akuyenda yekha, sakumva chizungulire akaimirira, akukodza bwino, ameneyo BP yake si yotsika, mtima wake ukupuma, musamuchotsere mankhwala. Ngati akumva chizungulire ndipo miyendo yaphwa kale, choyamba kuchepetsa ndi Lasix osati enalapril, ndipo muone ngati sakumwanso nifedipine amene anapatsidwa kale wa BP, ameneyo pa mtima wofooka achoke. Creatinine, muyezo wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, kukwera pang'ono mutayamba enalapril n'zoyembekezeka, ESC imalola mpaka 50 peresenti kuchokera pomwe inali bola isadutse 266 µmol/L, si chifukwa chothawira. Akayamba kutsokomola kouma kosatha, muyezeni TB inde chifukwa kuno ndi kuno, mumvetserenso m'mapapo ngati si madzi, koma zonse zikakhala bwino kumbukirani kuti enalapril amatsokomoletsa ndipo losartan amalowa m'malo mwake. Milomo kapena lilime zikatupa siyani tsiku lomwelo osadzabwerezanso, zimenezi zimachitika kwambiri mwa anthu akuda. Ndipo mayi aliyense wa msinkhu wobereka mufunseni za kumwezi ndi za kulera musanalembe, enalapril ndi losartan amawononga mwana m'mimba, spironolactone nayenso sitipereka kwa woyembekezera. Kwa amene impso sizikulola enalapril, hydralazine pamodzi ndi isosorbide dinitrate ndi njira ina, ndipo kafukufuku wa A-HeFT wa 2004 anaonetsa phindu lalikulu la awiriwa mwa anthu akuda a ku America atawonjezeredwa pa mankhwala enawo.

Beta blocker ndi amene amasiyidwa kwambiri, ndipo ndikumvetsa, ambirife tinaphunzira kuti pa heart failure beta blocker ndi poizoni. Lamulo lake ndi limodzi: osayamba munthu ali m'madzi. Akauma, akugona chagada bwinobwino, kugunda kwa mtima kuli pamwamba pa 60, alibe mphumu yeniyeni, yambani pansi penipeni, carvedilol 3.125 mg kawiri patsiku kapena bisoprolol 1.25 mg kamodzi, n'kumawirikiza masabata awiri aliwonse kulinga ku carvedilol 25 mg kawiri kapena bisoprolol 10 mg. Muuzeni wodwala kuti masabata oyamba akhoza kumva kutopa, asasiye, zimatha. Atenolol amene amapezeka kawirikawiri m'mashelefu mwathu alibe umboni umenewu pa heart failure, ndi wothandiza kuchepetsa liwiro pa mitral stenosis koma musamuwerenge ngati mwakwaniritsa guideline.

Spironolactone ndi pomwe ndikufuna mukhale amantha pang'ono, mantha oyenera. RALES itangotuluka madokotala a ku Ontario ku Canada anayamba kumulemba mwaunyinji ndipo kafukufuku wa 2004 anaonetsa kuti odwala ogonekedwa komanso omwalira ndi potaziyamu wokwera anachuluka. Kumeneko ndi kokhala ndi labu pakhomo. Guideline imati yambani potaziyamu ali pansi pa 5.0 ndipo impso zikugwira ntchito bwino ndithu, eGFR pamwamba pa 30, yezaninso pakatha sabata imodzi ndi masabata anayi, akadutsa 5.5 dulani dozi pakati, akadutsa 6.0 siyani. Kwathu kuno pali msampha umene mabuku a ku Ulaya saulabadira kwenikweni: Bactrim. Odwala athu a ma ARV amamwa cotrimoxazole, Bactrim yemweyu, tsiku ndi tsiku, ndipo trimethoprim ali mmenemo amakweza potaziyamu, ndiye enalapril, spironolactone ndi Bactrim pamodzi mwa agogo a shuga amene alinso pa ARV ya tenofovir ndi ngozi yoyenda. Ameneyo popanda zotsatira za magazi ine sindiyamba. Wachinyamata wa impso zabwino amene munamuyeza kamodzi poyamba, 12.5 kapena 25 mg, ndi tsiku lodziwika loyezanso, ndimayamba. Chinanso, magazi amene ayenda maola ambiri pa njinga yamoto padzuwa la Okutobala la ku Mangochi amaphwanyika ndipo potaziyamu amaoneka wokwera mwabodza, ndiye ngati mungathe tumizani munthuyo kapena konzani kuti kutenga magazi kugwirizane ndi tsiku limene sampulo zimanyamuka m'mawa. Azibambo muwachenjeze kuti mabere akhoza kutupa n'kumapweteka, apo ayi amangosiya mwakachetechete osakuuzani, manyazi.

Nanga tipanga bwanji kuti zonsezi zizichitika pa Lachiwiri mzere utafika pa mtengo wa mango? Yang'anani khomo loyandikana nalo, la ART. Kuyambira 2004 dziko lino linaika anthu ochuluka zedi pa ma ARV pogwiritsa ntchito ma CO, ma medical assistant ndi manesi, osati akatswiri, ndipo chinsinsi chake chinali master card, tsiku lodziwika la kiliniki, rejimeni yolembedwa pakhoma, ndi munthu wotsata amene sanabwere. Palibe wa ku ART amene amadalira kukumbukira. Mtima nawonso uchitiridwe chimodzimodzi.

Chimene ndinachita nditakumana ndi buku la msodzi uja chinali chaching'ono mochititsa manyazi. Ndinatenga rula ndi cholembera n'kujambula tebulo pa tsamba lomaliza la buku lake: deti, kulemera, BP, kugunda kwa mtima, kenako mzere wa Lasix, wa enalapril, wa carvedilol, wa spironolactone, pamwamba pa mzere uliwonse ndinalemba dozi yomwe tikulinga, ndipo kumapeto kwenikweni kabokosi kakuti "ulendo wotsatira". M'kabokosimo ndinalemba: enalapril akwere pa 5 mg kawiri ngati BP ya pamwamba yadutsa 100 ndipo palibe chizungulire. Basi. Patatha masabata awiri sindinali ine pa kiliniki, anamuona mnzanga wina, anawerenga kabokosiko, anakweza, n'kulembamo chake chotsatira. Amene akulemba CT tsopano amayenera kudutsa kabokosi kamene kakumuuza chochita, ndipo ngati sakukweza alembe chifukwa, "BP 88/60", "carvedilol o/s" (kulibe), zilizonse bola chifukwa chioneke. Kenako tinadinditsa chidindo cha tebulo lomwelo kuti tisamajambule pamanja. Bambo aja pomatha miyezi inayi anali pa enalapril 10 mg kawiri ndi carvedilol 12.5 mg kawiri, Lasix tinamutsitsa, ndipo anabwera yekha wapansi kuchokera pa siteji. Kunyanja usiku sanabwerere, koma ankasoka maukonde pagombe ndipo chaka chimenecho sanagonekedwenso.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi masabata oyamba munthu akangotuluka m'wodi, ndipo ndi pomwe ife timati "mubwere pakatha mwezi" kapena miyezi itatu kumene. Kafukufuku wa STRONG-HF wa 2022, amene munalinso zipatala za ku Mozambique, Nigeria ndi South Africa, anayesa kuyamba mankhwala munthu asanatuluke, kukweza msanga m'masabata awiri, ndi kumuona pa sabata 1, 2, 3 ndi 6. Pomatha masiku 180, omwalira kapena kugonekedwanso anali pafupifupi 15 mwa 100, kuyerekeza ndi 23 mwa 100 kwa osamalidwa mwa nthawi zonse. Iwo ankayeza magazi ulendo uliwonse, ndiye liwiro lawolo musalitengere ngati labu mulibe, koma phunziro loti wodwala aonedwe pasanathe masabata awiri ndipo ulendo uliwonse china chisunthe, limenelo ndi laulere. Kwa akutali gwirizanani ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lawo, ali ndi sikelo, ena ali ndi makina a BP, akhoza kukutumizirani manambala pa WhatsApp inu n'kunena chochita. Ndipo sankhani tsiku limodzi pa sabata la odwala mtima, nesi mmodzi wodziwika amene amawayeza kulemera pa sikelo imodzimodzi asanalowe kwa inu. Sikelo zosiyana zimanamiza ndi makilo awiri, pomwe makilo awiriwo ndi amene tikusaka.

Tsopano za "kulibe". Pali chinthu chimene ndinachizindikira mochedwa: oda ya mankhwala imatsatira zimene zagwiritsidwa ntchito miyezi yapitayo. Ngati palibe akulemba carvedilol chifukwa kulibe, ripoti la ku famase limaonetsa kuti palibe akumufuna, ndiye sayitanitsidwa, ndiye kulibe, ndiye palibe akulemba. Mkombero umenewu amaudula ndi kaundula. Lembani odwala mtima onse m'buku limodzi, muwerenge kuti ndi angati akufunika chakuti pa dozi yakuti pamwezi, mupite nazo kwa a famase ndi ku komiti ya mankhwala ya boma muli ndi manambala m'manja. "Tili ndi odwala 34 ofunika spironolactone" imamveka mosiyana ndi "mankhwala a mtima akusowa". Sindikulonjezani kuti abwera mwezi womwewo. Koma akasowa, lembanibe dzina ndi dozi m'buku kuti amene angathe akagule, ndipo beta blocker ndi amene musalole kuti aduke mwadzidzidzi, mukaona sitoko ikutha sungirani amene ali kale pa mankhwalawo musanayambitse atsopano.

Pa anzanu aja, musawatengere ku maphunziro a tsiku limodzi ku lodge n'kuyembekeza kuti zasintha, ndaona ma workshop ambiri, Lolemba lake CT amabwerera. Chimene chimagwira ndi kuwerenga pamodzi. Kamodzi pamwezi pa handova ya m'mawa tengani makhadi kapena mabuku khumi, osatchula amene analemba, mufunse: angati ali ndi chifukwa cha heart failure cholembedwa, angati anayezedwa kulemera, angati ali pa beta blocker, angati dozi inasuntha m'miyezi itatu. Lembani manambalawo pa bolodi, mwezi wamawa muwerengenso. Anthu akaona 2 mwa 10 ndi maso awo sipafunikanso kukalipa. Ndipo mukhale ndi dokotala mmodzi ku boma amene mungamuimbire mukakayika, chifukwa nthawi zambiri chimene chimaimitsa dzanja ndi mantha oti ndikakweza n'kuchitika kanthu ndidzakhala ndekha.

Wodwalayo ndi amene amasunga guideline masiku 29 pa 30, ndiye mphindi zisanu zomuphunzitsa pamodzi ndi amene amamuphikira si zotaya. Mchere, WHO imati usadutse magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo kuno mchere wambiri subwera ndi dzanja la wophika ayi, uli kale mu nsomba zouma zothira mchere, mu ma cube ndi zokometsera za m'mapaketi, ndi mu soda wa therere. Musamuletse usipa, mumulanda ndiwo yokhayo imene ali nayo, muuzeni asankhe wosathira mchere kapena auviike n'kutaya madziwo, ndipo mchere wapambali pa mphasa uchoke. Amene ali pa spironolactone achepetse chidulo, phulusa lija lili ndi potaziyamu wambiri. Brufen, diclofenac ndi indosidi za pa okala zija ndi adani a mtima ndi impso, zimasunga madzi n'kufooketsa Lasix, ndipo asodzi ndi alimi amazimwa ngati maswiti chifukwa cha msana, ndiye funsani ulendo uliwonse, Panado ndi amene amwe. Kulemera kukakwera makilo opitirira 2 m'masiku atatu, kapena wayambanso kuwonjezera mapilo, asadikire deti. Akatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri, ngati mmene zinalili nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 imene inavuta kwambiri m'boma lino, aime kaye Lasix, enalapril ndi spironolactone, amwe thanzi ORS, abwere kuchipatala, chifukwa impso zouma pa mankhwala amenewa zimafa msanga.

Ndipo poti ndi ku Mangochi, Ramadani muikonzekere mwezi umodzi isanafike. Odwala ambiri sadzakufunsani, adzangosintha okha kamwedwe, ena kumwa mapiritsi onse pamodzi usiku, ena kusiya Lasix. Afunseni ndinu, mwaulemu, "bambo, chaka chino mukufuna kusala?" Amene wangotuluka m'wodi, amene akubanika akangoyenda pang'ono, kapena amene tikumukwezerabe madozi, ndimamulangiza kuti asasale ndipo ndimamupempha akakambirane ndi a shehe, chifukwa chipembedzo chimapereka mpata kwa odwala. Amene ali bwino kwa miyezi ingapo, mankhwala a kawiri patsiku amakwana pomasula madzulo ndi pa chakudya cha m'bandakucha, Lasix timaona ngati tingamuchepetse makamaka kukatentha, ndipo ndimamuona pakatha sabata yoyamba ya kusala.

Oti musalimbane nawo nokha ndi awa: BP ya pamwamba pansi pa 90 manja ali ozizira, mkodzo wachepa, wokomoka, woyembekezera aliyense wa vuto la mtima, mwana kapena wachinyamata wa phokoso la valavu, ndi amene mwamupatsa Lasix wa jakisoni masiku awiri kulemera osatsika. Amenewo akwere ambulansi, ndipo tebulo lija lipite nawo.

Mukayamba, achemwali, mundilembere za odwala asanu oyamba, osatchula maina, mungondipatsa zaka, chomwe echo yanena ngati ilipo, kulemera, BP ndi kugunda kwa mtima pa ulendo woyamba ndi wachiwiri, ndi zomwe zili pa shelefu yanu mwezi umenewo, tidzaonere limodzi chomwe mulembe m'kabokosi ka ulendo wachitatu.